Funsani a Malume: Mwana wanga sakugona ndi mabuku a mitembo yoyenda

FUNSO: Malume, mnyamata wanga wa Fomu 3 wandithetsa nzeru. Loweruka amandithandiza kugulitsa kachewere ndi kabichi pamsika wa Lizulu, koma kukada maso ali pafoni, akuti akuwerenga mabuku a ma zombie, anthu akufa amene amadzuka n'kumadya amoyo. Akamaliza lina akuti pali lotsatira, ndimugulire bandulo. Akakhala pakhonde ndi anzake nkhani ndi yomweyo, mpaka kukangana kuti zitachitika kuno angathawire phiri liti. Kodi zimenezi si ndondocha? Ndikuopa kuti mwana akulowa za ufiti.
Nangozo, Lizulu, Ntcheu

YANKHO: Anangozo, mtima m'malo. Mwana wanu sakuphunzira ufiti, ngakhale kuti poganiza za ndondocha simunaphonye kwenikweni. Nkhani za zombie zinachokera ku Haiti, dziko la pachilumba kumene Afalansa ankagwiritsa akapolo ochokera kuno ku Africa m'minda ya nzimbe mpaka dzikolo litadzimasula mu 1804. Kumeneko ankati munthu wamankhwala amatha kudzutsa wakufa kuti azimulimira. Akapolowo ankaopa kuti ngakhale imfa siidzawapumitsa khasu. Zombie ameneyo anali ndi mwini wake, ankagwira ntchito, sankadya munthu.

Zimene akuwerenga mnyamata wanu ndi zina. Zinasintha mu 1968 pamene George Romero wa ku America anatulutsa filimu ya Night of the Living Dead: akufa ochuluka, opanda mwini, opanda sing'anga wowatuma, ongofuna mnofu wa amoyo. Olemba mabuku amene anatsatira ambiri anasandutsa nkhaniyi kukhala ya mliri. Wolumidwa amadwala, amafa, amadzuka, nayenso n'kuluma wina. M. R. Carey, m'buku lake la 2014, The Girl with All the Gifts, anati choyambitsa ndi mtundu wa bowa, ndipo nzeruyo anaitenga ku bowa weniweni amene amagwira nyerere n'kuziyendetsa mmene akufunira. Muli zambiri za Bayoloje kuposa za nsupa.

Tsono n'chifukwa chiyani mabukuwa satha? Ine ndawerengako angapo, ndipo ndikuuzeni kuti akufawo amatopetsa msanga. Salankhula, saganiza, amangoyenda. Chimene chimamugwira mwana wanu mpaka tambala kulira ndi amoyo. Boma lagwa, chipatala chatsekedwa, m'nkhokwe mwatsala chimanga cha mwezi umodzi, ndiye pachipata pakugogoda mayi wobereka mwana. Mumutsegulira? Nanga mchimwene wako akalumidwa n'kubisa bala, iwe waona, unene kapena ukhale chete? Mafunso otere sangathe m'buku limodzi. Nthano ya zithunzi ya Robert Kirkman, The Walking Dead, inatuluka m'magawo 193 kuyambira 2003 mpaka 2019, ndipo m'kupita kwa nkhaniyo oopsa kwambiri amakhala anthu anzawo amoyo, olanda chakudya ndi odziika ufumu.

Ife Amalawi zimenezi si zachilendo kwa ife. Mu 2017 mphekesera ya anamapopa inaphetsa anthu osalakwa ku Mulanje, Phalombe ndi maboma oyandikana nawo. Panalibe wopopa magazi amene anapezeka, koma maliro anachitika. Mu 2020 tinaona sukulu zikutsekedwa chifukwa cha Covid-19, ena akuopa ngakhale kupita kuchipatala. Mnyamata amene wakhala akudzifunsa kuti mantha amamusandutsa chiyani munthu, ine ndikukhulupirira kuti tsiku limene gulu lidzatole miyala kuthamangitsa gogo womunamizira ufiti, iye adzayamba waganiza.

Komanso musaiwale kuti satifiketi ya MSCE siibwera ngati Chingerezi walephera. Mwana wa Fomu 3 womaliza yekha buku lalikulu lachingerezi popanda womukakamiza ndi wosowa, aphunzitsi amamufuna.

Zoti muyang'anire zilipo ndithu. Mabuku ambiri a mtunduwu muli magazi ochuluka ndi mawu otukwana, choncho asamawerengere azing'ono ake a kupulayimale. Muikireni nthawi yozimitsa foni, chifukwa wogona m'bandakucha amasinza m'kalasi. Bandulo izibwera akakuonetsani makope a kusukulu. Ndipo tsiku lina muli pamsika, makasitomala atachepa, muuzeni akufotokozereni nkhani yonse m'Chichewa. Mudzamva nokha chimene chili m'mutu mwake. Za phirizo asiyeni azikangana, ndi macheza a achinyamata.

FUNSO: Malume, ndamaliza World War Z ndipo mtima sukukhazikika. Lotsatira lake lili kuti? Filimu yake ndinaionera kuvidiyo sho koma sizikugwirizana.
Mtsikana wokonda kuwerenga, Linthipe, Dedza

YANKHO: Mphwanga, usadzivute kufunafuna. Max Brooks analemba World War Z mu 2006 ndipo sanalembe buku lalikulu lopitiriza nkhaniyo. Limene lilipo ndi The Zombie Survival Guide la 2003, lomwe linatsogola, koma ndi la malangizo ongopeka a mmene ungapulumukire, si nthano. Filimu ya 2013 ya Brad Pitt inatenga dzina n'kusiya thupi. Bukulo ndi maumboni a anthu a m'mayiko osiyanasiyana nkhondo yolimbana ndi ma zombie itatha, ndipo mphamvu yake ili pamenepo. Gawo la ku South Africa, pamene boma likusankha anthu oti apulumuke n'kusiya ena ngati nyambo, limandiwawa mpaka lero.

Ngati ukufuna nkhani yopitirira, Mira Grant ali ndi atatu: Feed la 2010, Deadline la 2011 ndi Blackout la 2012. Ndi za atolankhani achinyamata, ndipo muli ndale zambiri. Usalumphe, yamba ndi loyamba, chifukwa lachiwiri limaulula mathero ake m'masamba oyambirira. Carey uja analembanso The Boy on the Bridge mu 2017, koma nkhani yake ikuchitika za m'buku la 2014 zisanachitike. Lapafupi ndi kwathu ndi Deadlands la Lily Herne, la 2011, limene nkhani yake ikuchitikira ku Cape Town, ndipo lili ndi otsatira ake. Ukawapeza pa intaneti, chenjera ndi masamba okuuza kuti utumize ndalama pafoni kaye usanaone buku.