Kodi kuwerenga za The Beatles n'kusowa chochita?

Achimwene ena andilembera imelo. Akuti anayamba kumvera The Beatles pa YouTube, nyimbozo zawalowa m'magazi, ndipo akufuna kudziwa buku loti ayambire. Koma anzawo kuntchito akuwaseka, ati nyimbo n'za khutu, kuwerenga za gulu lomwe linatha mu 1970 n'kusowa chochita.

Achimwene, mwandikhudza pachilonda. Mawu omwewo ine ndinawamva kwa amalume, omwe ndi amene anali ndi mbale za galamafoni pakhomo pathu. Mbalezo sitinkaloledwa kuzigwira, tinkangomvera tili pakhonde. Nditakula ndinagula buku lothothoka chikuto kwa anyamata ogulitsa mabuku m'mbali mwa msewu ku Blantyre, ndipo amalume atandipeza nalo anangopukusa mutu. "Mphwanga, gitala saimba ndi maso." Iwo ankadziwa nyimbo iliyonse pamtima, koma ukawafunsa amene akuimba ng'oma, yankho linali loti zimenezo sizikuwakhudza. Tinakangana mpaka nsima kuzizira, mayi n'kutithamangitsa tonse awiri.

Bukulo linali Shout! la Philip Norman, lomwe linatuluka mu 1981, patangopita miyezi yochepa John Lennon, mmodzi wa oimba a gululi, ataphedwa ndi mfuti ku New York mu Disembala 1980. Ukaliwerenga umamva fungo la maliro. Lennon ndiye mwini nzeru zonse, Paul McCartney ndi wongokonda kutamandidwa. Pamenepa ndi pomwe ndimakwiya ndi mabuku ambiri a gululi: aliyense wolemba ali ndi mbali yake, ndipo sakuuza. La Hunter Davies la 1968 linalembedwa ndi chilolezo cha eni ake, achibale n'kuliwerenga lisanasindikizidwe, ndiye mukudziwa kale kuti zina zinasesedwa. Lennon naye atacheza ndi magazini ya Rolling Stone mu 1970 anali ndi mkwiyo wa banja longotha kumene, koma olemba ambiri anatenga mawu akewo ngati umboni wosatsutsika.

Ndiye pali nkhani ya Yoko Ono, mkazi wa Lennon. Ndatopa nayo. Anthu amakonda kunena kuti mkazi ndiye anapasula gulu, chifukwa kuloza chala mlamu n'kosavuta. Koma Brian Epstein, yemwe ankayendetsa zinthu zawo, anamwalira mu Ogasiti 1967, kampani yawo ya Apple inayamba kutaya ndalama, ndipo pofuna munthu wokonza zinthu, atatu anasankha Allen Klein pomwe McCartney ankafuna Lee Eastman, apongozi ake. Ndalama ndi maloya, basi. Buku lomwe likuthera masamba ambiri pa Yoko kuposa pa zimenezi, ine ndimaliika pansi.

Apa anzanu akuntchito aja ali ndi mfundo pang'ono: buku la miseche silikuwonjezerani kanthu pa nyimbo. Koma akulakwitsa kuyesa kuti mabuku onse ndi otero. Ine chomwe ndimafuna m'buku ndi ntchito. Anyamata a ku Liverpool awa anapita ku Hamburg mu Ogasiti 1960, n'kumaimba m'mabala maola ambirimbiri usiku uliwonse, mpaka George Harrison anabwezedwa kwawo chifukwa anali ndi zaka 17 zokha. Nyimbo khumi za chimbale chawo choyamba, Please Please Me, anazijambula tsiku limodzi, pa 11 Febuluwale 1963. Lennon anali ndi chimfine, ndipo George Martin, yemwe ankayang'anira kujambula kwa nyimbo zawo, anasunga Twist and Shout kuti ikhale yomaliza podziwa kuti ikamatha mawu adzakhala atasasa. Mukadziwa zimenezi, kaimvereninso nyimboyo. Khutu lanu lomwelo limva zina.

Chimandipweteka n'choti za anyamatawa timadziwa mpaka tsiku lomwe wina anali ndi chimfine, koma ndikalowa m'mashopu a mabuku kufuna mbiri ya Alleluya Band ya ku Balaka, ndimatuluka chimanjamanja. Ku Zambia m'zaka za m'ma 1970 kunali gulu la rock la WITCH, ndipo woimba wawo Jagari Chanda anatenga dzinalo kwa Mick Jagger, woimba wa gulu la The Rolling Stones. Akuluakulu omwe anaona zimenezi ndi maso akutha, ife tili kalikiliki kukangana za Yoko. Imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Ndiye muyambe ndi liti?

Revolution in the Head la Ian MacDonald, la 1994. Limatenga nyimbo imodziimodzi motsata momwe anazijambulira, n'kunena amene anaimba chida chiti. MacDonald ali ndi pakamwa, nyimbo zina zomwe mumazikonda azinyoza, mutsutsane naye. Musaliwerenge kuyambira tsamba loyamba. Ikani chimbale cha Revolver cha 1966, nyimbo ikamalira muziwerenga za nyimboyo. Tune In la Mark Lewisohn, la 2013, ndi labwino kwambiri, koma lili ndi masamba oposa 900 ndipo limathera mu 1962, gulu lisanatchuke n'komwe. Limenelo lidikire kaye. Ngati muli ndi m'bale ku UK, mupempheni akusakireni la MacDonald logwiritsidwa kale ntchito, silidula.