Kodi chilembo chofiira chija chinamukonza Hester?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene wangomaliza kuwerenga The Scarlet Letter, buku la Nathaniel Hawthorne lonena za Hester Prynne, mkazi wa mwini amene anabereka mwana wa mwamuna wina. Anafunsa motere: "Hester analangidwa pamaso pa anthu, pamapeto pake anakhala munthu wolemekezeka. Mbusa amene anabisa tchimo lake anafa movutika. Kodi ndiye kuti wolembayo akuvomereza kuti kuyalutsa wochimwa pagulu kumathandiza?"

Mayi, ine ndikuti ayi. Koma ndikumvetsa pamene pachokera funso lanuli.

Bukuli silinalembedwe ndi Mpyuritani, munthu wa gulu la Akhristu okhwimitsa malamulo ochokera ku England amene ankalamulira mudzi wa Hester. Linatuluka mu 1850, pamene nkhani yake ikuchitikira ku Boston, m'chigawo cha Massachusetts ku America, m'zaka za m'ma 1640. Hawthorne, amene anabadwira ku Salem mu 1804, ankalemba za makolo ake enieni, ndipo sankawanyadira pa zonse. William Hathorne, kholo lake loyamba kufika ku Massachusetts, anali woweruza amene anazunza anthu a mpingo wa Quaker, mpaka kulamula kuti mayi wina akwapulidwe m'misewu. Mwana wa William, John Hathorne, anali mmodzi wa oweruza pa milandu ya ufiti ya ku Salem mu 1692, pamene anthu 19 ananyongedwa ndipo nkhalamba ina, Giles Corey, inaphedwa poisanjikiza miyala pachifuwa. M'mawu oyamba a bukuli Hawthorne akunena yekha kuti akusenza manyazi m'malo mwa makolo akewo. Munthu wosenza mtolo wotere sangalembe buku loyamikira chikwapu.

Komabe sanawaonetse Apyuritani ngati zilombo. Anthuwa ankakhulupirira kuti mudzi wawo wonse unachita pangano ndi Mulungu, ndiye tchimo la munthu mmodzi likanaitanira mkwiyo pa aliyense, monga zinachitikira ndi Akani m'buku la Yoswa. Tchimo silinali nkhani ya m'nyumba. Mbewu zikakanika, mliri ukabuka, ankafufuza amene wadetsa mudzi. N'chifukwa chake malamulo a Massachusetts a 1641 ankati wochita chigololo ndi mkazi wa mwini aphedwe, onse awiri, potsatira buku la Levitiko. Sanali mawu oopseza chabe: mu 1644 Mary Latham ndi James Britton ananyongedwa ku Boston pa mlandu womwewu. Choncho oweruza a m'nkhaniyi, pomuimika Hester pansanja kwa maola 3 ali ndi khanda m'manja, ndi kumulamula kuvala chilembo A pachifuwa moyo wake wonse, ankadziona ngati achifundo. Chilembocho n'choyambirira cha mawu achingerezi otanthauza chigololo.

Yang'ananinso tsiku limenelo, mayi. Hester asanatuluke m'ndende, azimayi amene akudikira panja akung'ung'udza kuti chilango chachepa. Wina akuti akanamuotcha pachipumi ndi chitsulo chamoto, wina akuti akanangomupha. Mmodzi yekha, mayi wachitsikana, ndi amene akuganizira za ululu wa mumtima mwake. Nsanja ija anaimangira khamu loonerera, kuti aliyense abwerere kunyumba akudziwa kuti wodetsedwa wapezeka ndipo si iye. Mmodzi mwa atsogoleri amene akumukakamiza kuti atchule bambo wa mwanayo ndi mbusa Arthur Dimmesdale, mwini mimba yemweyo. Pamenepa mtima wanga umawawa nthawi zonse. Mimba imaoneka, ndiye mkazi alibe kothawira. Mwamuna amaima pamwamba, Baibulo lili m'manja, nkumafunsa mafunso.

Mukunena zoona kuti Hester anakhala mayi wodalirika. Ankadzidyetsa ndi singano, ankasokera amphawi zovala, ankadwazika odwala, mpaka anthu anayamba kunena kuti A uja akuimira mawu otanthauza munthu wokhoza. Koma kodi zimenezi ndi zimene oweruza ankafuna? Iwo ankafuna kulapa. Hester sanalape monga iwo ankaganizira. Chilembo chija anachipeta yekha ndi ulusi wagolide mwaluso loti azimayi aja anapsa nacho mtima. Akukhala yekha kunja kwa mudzi, m'kanyumba ka m'mphepete mwa nyanja, anayamba kulingalira zinthu zimene oweruza akanazidziwa akanamulanga koposa pa chigololo chija: ankakayika malamulo awo, ankadzifunsa ngati moyo wa mkazi m'dziko lotere uli ndi phindu. Wolemba akunena mosabisa kuti chilembocho chinalephera ntchito yake. Patapita zaka 7, atakumana ndi Dimmesdale m'nkhalango, Hester anachivula n'kuchitaya, namuuza kuti athawe limodzi. Ubwino umene munauona mwa iye unali wake kale. Chilango chinangomulanda kuseka ndi anzake, chinatsala pang'ono kumulandanso mwana wake Pearl pamene akuluakulu ankakambirana zomuchotsa m'manja mwake.

Za mbusa uja, n'zoona kuti kubisa kunamudya. Ankasala kudya, ankadzikwapula m'chipinda, usiku wina anakaima yekha pansanja ija anthu ali m'tulo. Pa guwa ankadzitcha wochimwitsitsa, mpingo nkumamuona ngati woyera koposa. Koma dzifunseni chimene chinamutseka pakamwa. Anaona ndi maso ake zimene mudzi umachita ndi munthu amene tchimo lake ladziwika. M'dziko limene kuulula kumatanthauza nsanja kapena chingwe, anthu amaphunzira kubisa. Sindikumuchotsera mlandu, anali wamantha ndipo anamusiya mkazi asenze yekha zaka zonsezo. Ndikungoti mantha akewo anakulira m'munda umene oweruza analima.

Pali munthu wachitatu amene simunamutchule: Roger Chillingworth, mwamuna wa Hester. Iye ndiye wolakwiridwa, palibe lamulo limene anaswa. Anabisa dzina lake lenileni, anadzipanga sing'anga wa mbusayo, anakhala naye nyumba imodzi, n'kumamutokosa chilonda cha mumtima pang'onopang'ono. Dimmesdale mwini wake akunena m'nkhalango muja kuti kubwezera kwa mkuluyo n'koipa kuposa tchimo lawo. Mudzi umene unali ndi chilembo cha chigololo unalibe chilembo cha nkhanza yoteroyo. Unkamupatsa moni mwaulemu mumsewu.

Nkhani yoima pagulu ili ndi mbali ina m'mbiri yeniyeni ya Boston, ndipo ndimaikonda. Mu 1697 Samuel Sewall, mmodzi wa oweruza a milandu ya ku Salem, anaimirira m'tchalitchi pamene mbusa ankawerenga kalata yake yovomera kulakwa ndi kupempha chikhululuko. Palibe anamukoka. Anali munthu wamphamvu, akanatha kukhala chete monga anachitira John Hathorne. Uku ndi kuima pagulu kumene ndikukuona kuti kuli ndi tanthauzo, ndipo n'kumene Dimmesdale akuchita pomaliza, atalalikira ulaliki wake waukulu: akukwera nsanja masanasana, akuitana Hester ndi Pearl, akuvomera, kenako akufa. Ngakhale pamenepo ena mwa oonerera anakana kuti anamva kuulula kulikonse. Anati mbusa woyerayo ankangopereka fanizo.

Hester anachoka ndi mwana wake kupita kutsidya kwa nyanja. Patapita zaka anabwerera yekha m'kanyumba kaja, navalanso chilembo chija popanda womulamula. Azimayi osweka mitima ankabwera kwa iye kudzafunsa nzeru. Atamwalira anamuika pafupi ndi manda a mbusayo, koma anasiya mpata pakati pa mitumbira iwiriyo, mwala wa pamanda uli umodzi.