Mabuku a mphoto aja anawolera m'kabati

Mayi, mwafunsa mayina a mabuku opata mphoto oti mugulire ana a kalabu yanu, ndipo anzathu akupatsani kale, koma ine mwandikumbutsa chilonda. Mu 2021 ndinatenga ndalama yanga ya chiperegani, ndikubwereza, yanga, n'kukwera basi kupita ku Blantyre kukasankha mabuku okwana katoni imodzi. Ena ndinatola kwa anyamata oyala pansi mumsewu, ena kusitolo. Angapo anali ndi kachidindo kagolide pachikuto, ka Newbery, mphoto ya ku America yomwe inayamba mu 1922. Ndinapezanso makope awiri a nkhani ya William Kamkwamba wa ku Kasungu, uja anapanga makina amphepo atawerenga buku mulaibulale. Buku lake la 2009 linalandira mphoto ina ya ku America yotchedwa Alex Award mu 2010, ndipo mu 2015 kunatuluka lina lofewetsedwa la ana. Ndinatsika zitunda mpaka pa Thabwa ku Chikwawa katoni ili pamiyendo, kondakitala akuti ikwere pamwamba, ine ayi.

Nditafika nayo kusukulu ahedi anaombera m'manja. Kenaka akuti, "Madamu, awa ndi mabuku apamwamba, ana a kuno angawang'ambe, tiyambe tadinda chidindo cha sukulu." Anawatsekera m'kabati ya mu ofesi, shelefu ya pansi penipeni, kiyi m'thumba mwawo. Ndikapempha akuti inki ya chidindo yauma. Teremu yotsatira akuti tidikire alendo ochokera kuboma adzawaone kaye ali atsopano. Alendo! Ngati ndinagulira alendo. Ndinangozembetsa kope limodzi la Kamkwamba n'kupatsa kamtsikana kena ka Sitandade 7 kokonda kuwerenga.

Ndiye kunabwera namondwe wotchedwa Ana mu Januwale 2022. Nonse a kuchigwa cha Shire kuno mukukumbukira, magetsi kuzima malo opangira magetsi a Kapichira ataonongeka, anthu kugona m'makalasi a sukulu zakumtunda. Madzi ataphwera tinalowa mu ofesi matope akufika m'akakolo. Loko inali itachita dzimbiri, mlonda anachita kuthyola ndi chikwanje. Abale inu. Mabuku onse anali atafufuma n'kumatirirana kukhala chinjerwa chimodzi, chonunkha ngati nsomba yovunda. Ndinayesa kutsegula limodzi, masamba akungotsalira m'zala ngati phala. Kachidindo kagolide kokha ndi kamene kanali kuwalabe pamwamba pa matopewo. Palibe mwana ngakhale mmodzi anawerengapo tsamba. Ndinakhala pansi pomwepo, chitenje chonse matope, n'kulira ana akundisuzumira pawindo. Ahedi ataima pakhomo akuti, "Mulembe lipoti, mwina mabungwe atipatsa ena." Pepani sanatchule. Mpaka lero tikakumana pamsika ndimangoyankha moni basi.

Kope lozembetsa lija ndi lokhalo linapulumuka. Mwanayo pothawa madzi analikulunga mujumbo pamodzi ndi makope ake a kusukulu. Lero chikuto chinachoka, tinachita kusoka ndi ulusi, koma ladutsa m'manja mwa ana ambirimbiri.

Ndiye mayi, mukagula musasungire munthu. Apatseni ana tsiku lomwelo, ang'ambe ngati n'kung'amba. Musatengekenso ndi golideyo. Ena mwa mabuku aja, kunena zoona, ndinawaona ali ndi Chingerezi cholimba, nkhani zake za chipale chofewa, pomwe mwana wathu kunyumba amalankhula Chisena kapena Chimang'anja ndipo Chingerezi amakumana nacho m'kalasi mokha. Tengani mwana mmodzi pokagula, awerenge tsamba loyamba mokweza. Akakakamira kangapo, libwezeni pashelefu. Sakanizani ndi a Chichewa, ndipo kafunseni ku National Library Service, bungwe la boma loyang'anira malaibulale, ngati angathe kukuthandizani.

Komanso musabwereketse mwachisawawa, ana ena sabweza, mupeza masamba akukulungira mandasi pamsika. Anga amene ndagulanso pang'onopang'ono ndimasunga mundowa yapulasitiki yokhala ndi chivindikiro, pamwamba pa kabati kunyumba kwanga, chifukwa kuno madzi akakusiya chiswe sichikusiya. Amawerengera pakhonde panga Loweruka masana ine ndili pomwepo, ndipo potuluka ndimawerenga mabukuwo limodzilimodzi.