Musaitaye bromeliad yanuyo, yang'anani kunsi kwake

Amayi, mwafunsa chifukwa chake duwa lofiira la bromeliad yanu (chomera chokongoletsera pakhomo), lomwe lakhala likukongola kwa miyezi 4, layamba kuda ndi kuuma, ndiponso ngati mungoitaya. Chonde musaitaye. Pa chithunzi chanucho ndikuona kuti ndi ya mtundu wa Guzmania, ndipo palibe chimene mwalakwitsa.

Chomera chimenechi chimachita duwa kamodzi kokha pa moyo wake wonse. Chili ngati nthochi: ikabala mkoko, thunthu lija silibalanso, koma kunsi kwake kumakhala kutatuluka kale ana. Komanso chofiiracho kwenikweni si duwa ayi, ndi masamba amene anasintha mtundu. Maluwa enieni ndi timaluwa tating'ono, toyera kapena tachikasu, totulukira pakati pa masamba ofiirawo, ndipo sitikhalitsa.

Ndiye tengani mpeni wakuthwa, woyera bwino, mudule phesi la duwalo pansi penipeni. Kenako pendekani masamba a m'munsi musuzumire. Mupeza timphukira tosongoka titakanirira m'mbali mwa mayi wake. Yanga yoyamba ndinaizula ndikuganiza kuti yafa, ndipo nditaitembenuza ndinapeza tiana titatu tobiriwira, kamodzi katathyoka kale m'manja mwanga. Mpaka lero zimandiwawa.

Apa ndi pamene ambiri timapupuluma. Mayiyo amafota pang'onopang'ono, mwina chaka chathunthu, ndipo nthawi yonseyo amakhala akudyetsa ana ake. Asiyeni anawo mpaka afike pafupifupi theka la msinkhu wa mayi wawo, ndipo mukagwira tsinde lawo lizimveka lolimba. Akatero aduleni mogundiza pa tsinde la mayiyo, muwaike pamthunzi tsiku limodzi kuti bala liume, kenako mubzale. Ena alibe mizu n'komwe panthawiyi, musade nkhawa. Ingowazikirani kamtengo kuti asamagwedezeke, chifukwa mwana wogwedezeka amachedwa kugwira.

Nkhani ya dothi ndiyo imapha zomera zambiri zoterezi. Kwawo, m'nkhalango za ku Central ndi South America, Guzmania imamera pamwamba pa nthambi za mitengo. Siyamwa kanthu mu mtengowo, mizu yake ntchito yake yaikulu ndi kugwirira basi. Mukaikwirira m'dothi lamakande lomwe limasunga madzi, imawola kunsi masamba akadali obiriwira, tsiku lina mungoona yagwa yokha. Ine ndimasakaniza makungwa ophwanya, timakala ting'onoting'ono ndi mchenga wokhakhala, mumphika waung'ono woboola pansi.

Madzi imamwera m'kachikho kamene masamba amapanga pakati paja. Muzithiramo madzi pang'ono, a mvula ngati mungathe, chifukwa a mchere amasiya zoyerayera pa masamba ndipo amapsereza nsonga. Dothilo muzilinyowetsa pokhapokha likauma. Koma sabata iliyonse muzikhuthula madzi akalewo n'kuthira atsopano. Izi musaiwale, chifukwa udzudzu umaikira mazira m'menemo, ndipo kukamatentha sipatenga masiku oposa 10 kuti mphutsi zisanduke udzudzu wouluka. Madzi okhalitsa amanunkhanso n'kuwoletsa mtima wa chomeracho. Nyengo yozizira muchepetse kwambiri, ndipo kuzizira kukamatsika pansi pa madigiri 10, ilowetseni m'nyumba.

Dzuwa imalifuna, koma losefedwa. Guzmania ili ndi masamba ofewa, dzuwa la masana limawawaula n'kusiya zigamba zotuwa zomwe sizichira. Pafupi ndi zenera lolowa dzuwa la m'mawa ndi pabwino. Mitundu ya masamba olimba, a minga m'mbali, monga Aechmea fasciata ya ku Brazil, ndiyo imapirira kuwala kochuluka. Chinanazinso ndi cha banja lomweli, n'chifukwa chake masamba ake amafanana nazo.

Feteleza musachulutse. Sungunulani gawo limodzi mwa magawo 4 a muyeso wolembedwa pa paketi, kamodzi pa mwezi nyengo yotentha. Mankhwala alionse okhala ndi mkuwa, monga ena ophera chiwawu, musayandikize, amapha bromeliad.

Anawo adzachita duwa pakapita chaka chimodzi mpaka zaka 3. Wina akadzakula mokwanira koma n'kumangokhala osatulutsa duwa, khuthulani madzi onse m'kachikho, muike chomera chonse m'jumbo yoonekera mkati pamodzi ndi apozi wakupsa, mumange kukamwa, musiye pamthunzi kwa sabata imodzi. Apoziyo amatulutsa mpweya wotchedwa ethylene umene umadzutsa duwa, ndipo limayamba kuonekera pakadutsa mwezi umodzi mpaka miyezi itatu. Kamwana kakang'ono musakachite zimenezi, kadzangotulutsa kaduwa konyozeka n'kuthera pomwepo.

Mukasuzumira kunsiko, jambulani mutitumizire chithunzicho, tikuuzeni ngati anawo afika posiyanitsidwa.