Musanatumize malovu a mayi ku kampani yoyeza DNA

Achemwali, funso lanu ndaliwerenga kawiri. Mwati achimwene anu amene amakhala ku Leeds, ku Britain, atumiza timabotolo titatu ta kampani yoyeza DNA (uthenga wa m'thupi umene munthu amatengera kwa makolo ake), ndipo akufuna kuti inuyo, mwana wanu wa zaka 9 ndi mayi anu amene ali kumudzi mulavuliremo malovu kuti banja lidziwe kumene makolo anachokera. Mukufunsa ngati pali choopsa, popeza ena m'gulu muno akuti amenewo ndi malovu chabe. Ine ndikuona kuti nkhaniyi si yoti munthu mmodzi aigamule yekha, ngakhale amene walipira ndalamayo, chifukwa zimene zili m'malovuwo si za wolavulayo yekha.

Kabotoloko n'kosavuta kugwiritsa ntchito, ndipo n'chifukwa chake anthu sakaopa. Mumakhala mphindi 30 osadya kapena kumwa kanthu, mumalavulira mpaka malovu afike pamzere, ndipo mukatseka chivindikiro timadzi tosungira malovuwo timatsikira m'kati. Kenako mumalembetsa nambala ya kabotoloko pa intaneti pamodzi ndi dzina, tsiku lobadwa ndi imelo, n'kudina povomera malamulo aatali a Chingerezi amene ambirife sitiwerenga. Kuchokera pamenepo kampaniyo imawerenga malo oposa theka la miliyoni a DNA yanu n'kusunga zotsatirazo m'makompyuta ake. Nambala yachinsinsi ya Airtel Money kapena Mpamba ikabedwa mumapita kukaisintha, koma DNA munabadwa nayo ndipo mudzafa nayo, choncho ikatuluka ndiye kuti madzi atayika, saoleka.

Theka la DNA yanu linachokera kwa mayi anu, theka la DNA ya mwana wanu linachokera kwa inu, ndipo msuweni wanu mumafanana naye pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 8. Tanthauzo la zimenezi linaoneka ku California mu April 2018, pamene apolisi anagwira Joseph James DeAngelo, yemwe kale anali wapolisi ndipo pambuyo pake anavomera kukhoti kuti anapha anthu 13 m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980. Iyeyo sanayezetseko DNA ku kampani iliyonse. Ofufuza anatenga DNA imene inapezeka pamalo a milandu, n'kuiika pa GEDmatch, pomwe anthu amaikapo zotsatira zawo pofunafuna abale, ndipo anapeza achibale ake akutali amene mwina sanamuonepo n'komwe. Atalondola mzere wa banjalo anafika pa iye. Palibe amene angadandaule kuti chigawenga chotere chinagwidwa, ndipo inenso sindidandaula. Koma njira imene inagwira wakuphayo ingathenso kupeza mayi amene anathawa mwamuna wankhanza, kapena munthu amene anapereka mwana kuti aleredwe kwina atalonjezedwa kuti dzina lake silidzadziwika, ndipo achibale amene anatsegula khomolo ankangofuna kudziwa za makolo awo, monga mmene akufunira achimwene anu.

Simunatchule dzina la kampani ya timabotolo tanuto, koma zimene zinachitikira 23andMe, imodzi mwa makampani akuluakulu a ntchitoyi, zikukwanira kutichenjeza. Mu 2023 akuba a pa intaneti analowa m'maakaunti pafupifupi 14,000 pogwiritsa ntchito mapasiwedi amene eni ake ankagwiritsanso ntchito kwina. Chiwerengerocho n'chochepa, koma popeza akaunti iliyonse inkaonetsa abale ofanana nawo DNA, akubawo anatenga mbiri ya anthu pafupifupi 6.9 miliyoni, ambiri mwa iwo osalakwitsa chilichonse. Bungwe loteteza zinsinsi za anthu ku Britain linalipiritsa kampaniyo mapaundi 2.31 miliyoni chifukwa chosasamala. Mu March 2025 kampaniyo inapita kukhoti kukanena kuti yalephera kubweza ngongole, ndipo chuma chake chachikulu chimene ogula ankalimbirana chinali DNA ya makasitomala pafupifupi 15 miliyoni. Pamapeto pake inagulidwa ndi bungwe lotsogozedwa ndi Anne Wojcicki, mmodzi mwa amene anaiyambitsa, koma kwa miyezi ingapo eni malovuwo ankangodikira kuti amve amene atawagule. Lonjezo losunga chinsinsi limaperekedwa ndi eni kampani a lero, pomwe DNA ya mwana wa zaka 9 idzakhala ikunenabe za iye zaka 70 zikubwerazi.

Komabe chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri si akuba kapena apolisi, koma za m'banja mwanu momwemo. Kuyezaku sikumangonena za makolo akale. Kumaonetsanso ngati anthu awiri ali a bambo mmodzi kapena ayi. Inu ndi achimwene anu mukayezetsa nonse, foni idzakuuzani poyera ngati ndinu a mayi mmodzi ndi bambo mmodzi, kapena a mayi mmodzi yekha. Sindikunena kuti kwanu kuli nkhani yotere, ndipo mundikhululukire ngati ndalowa pakhomo posayenera, koma tonse tikudziwa kuti m'midzi mwathu muli ana amene analeredwa ndi mayi aang'ono ngati obala okha mayi awo atamwalira pobereka, muli ana amene anabadwa bambo ali ku Joni kapena ku Wenela, ndipo m'mabanja ena osowa mphatso ya mwana akuluakulu ankalowetsa fisi mwachinsinsi, mwanayo n'kukula akudziwa bambo mmodzi yekha amene anamulera. Muli amayi enanso amene anagwiriridwa ndipo sanauzepo munthu. Pali mfundo yomveka yakuti mwana ali ndi ufulu wodziwa amene anamubala, makamaka pa nkhani ya matenda oyenda m'magazi monga sickle cell, ndipo ine sindiikana. Koma pali kusiyana pakati pa munthu amene wasankha kufunafuna choonadi atakonzeka, ndi gogo wa zaka 70 amene chinsinsi chake chaululidwa pagulu la WhatsApp la banja chifukwa anauzidwa kuti angolavulira m'kabotolo kuti ana adziwe ngati ndi Amaravi enieni.

Apa m'pamene pali funso la chilolezo. Ndinaonapo anthu a kafukufuku wa zaumoyo akugwira ntchito kumudzi kwathu: anakhala pamkeka ndi mayi wina, anamuwerengera chikalata chonse m'Chichewa pamaso pa mboni, anamufunsa kuti abwereze m'mawu ake zimene wamva, anamuuza kuti akhoza kukana popanda kutaya thandizo la kuchipatala, ndipo atatero m'pamene anadinda chala. Ndime 19 ya malamulo aakulu a dziko lathu imaletsa kuchita kafukufuku wa zachipatala kapena wa sayansi pa munthu popanda chilolezo chake, ndipo ndime 21 imateteza zinsinsi za munthu. Mayi anu akalavulira chifukwa choti mwana wawo amene amawatumizira ndalama wapempha, pomwe akauntiyo ili m'manja mwa mwanayo, chimenecho ndi ulemu wa kholo kwa mwana, si chilolezo. Achimwene anu adziwenso kuti ku Britain komweko lamulo la Human Tissue Act la 2004 limati kuyeza DNA ya munthu popanda chilolezo chake ndi mlandu.

Mtundu wa Havasupai, umene umakhala ku Grand Canyon ku America, unapereka magazi kwa ofufuza a ku Arizona State University kuyambira mu 1990 pokhulupirira kuti akufufuza matenda a shuga amene ankawavutitsa. Patapita zaka anamva kuti magaziwo anagwiritsidwanso ntchito pofufuza matenda a misala, kukwatirana pachibale, ndiponso kumene mtunduwo unachokera, ndipo zotsatira zake zinatsutsa mbiri imene makolo awo ankaphunzitsa ana. Mu 2010 yunivesiteyo inavomera kulipira madola 700,000 ndi kubweza magazi otsalawo. Anthu amenewa anasainira ndithu, koma anavomera chinthu china n'kuchitidwa china.

Ndisamveke ngati ndikudzutsa mphekesera za anamapopa zimene zinaphetsa anthu osalakwa ku Mulanje ndi ku Phalombe mu 2017. Kuyeza magazi kuchipatala kumapulumutsa miyoyo, ndipo kafukufuku wa DNA ya anthu a mu Africa akufunika kwambiri, chifukwa wambiri amene wachitika mpaka pano ndi wa anthu ochokera ku Ulaya. Vuto ndi lakuti kampani yamalonda ya kutsidya kwa nyanja ikalakwitsa, mayi a kumudzi alibe kokadandaula kwenikweni. Tili ndi lamulo la Data Protection Act la 2024 limene likuyang'aniridwa ndi MACRA, koma kulondola kampani imene ilibe ofesi kuno ndi ntchito ina. Ndipo phindu lake ndi lochepa kuposa mmene achimwene akuganizira, chifukwa zotsatira za anthu a kuno zimangotchula zigawo zikuluzikulu za Africa. Sizidzakuuzani ngati ndinu a Phiri kapena a Banda, kapena mudzi umene agogo anachokera.

Ngati inuyo mwatsimikiza mtima, yezetsani nokha mutauza abale anu apafupi, muzimitse gawo lofananitsa abale, mukane kuti zotsatira zanu zigwiritsidwe ntchito pa kafukufuku, muike pasiwedi imene simuigwiritsa ntchito kwina, ndipo mukaona zotsatira mupemphe kuti malovuwo atayidwe ndi akauntiyo ifufutidwe. Mwanayo mumusiye adzasankhe yekha akadzakula. Mayi mukawafotokozere muli awiriwiri, achimwene asali pafoni, ndipo muwauze mosabisa kuti kuyezaku kumaonetsa bambo wa mwana aliyense. Akakana musawafunse chifukwa, ndipo kwa achimwene mukangonena kuti mayi sanafune.