Funsani Azakhali: phala la 4 koloko, tsiku lotsekera ndi tsache la m'mawa

Sabata ino makalata omwe andipeza ambiri ndi a za kupulayimale, kaya mwachita kupangana kaya. Ndasankhapo atatu, a zibwenzi aja mudikire kaye.

Azakhali, ine ndi mayi wa ana awiri, wina sitandade 2 wina 6, ndimagulitsa tomato ndi masamba. Pa gulupu ya WhatsApp ya makolo andilemba kuti Lachitatu ndikaphike phala 4 koloko m'mawa nditengenso nkhuni, Loweruka kuli mitingi, mwezi wamawa akuti tikatute mchenga womangira zimbudzi, pomwe nthawi imeneyo ine ndimakhala ndili pa msika wa Wakawaka kupikula katundu nde ndikajomba tidya chani? Si paja anati pulayimale ndi yaulere? Nanga ndikapanda kupita mwana wanga amumana phala? — Mayi wa ku Chinsapo

Amayi, pepani ndi mavuto, ndakumvani. Koma tiyambe ndi mawu oti ulerewo chifukwa ndi amene amatikanganitsa m'mamitingi chaka ndi chaka. Chomwe chinachotsedwa mu 1994, a Bakili Muluzi atangolowa m'boma, ndi fizi. Ana anakhamukira kusukulu, kuchoka pafupifupi 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni nthawi imodzi, makalasi ake omwe aja, zimbudzi zake zomwe zija, ena n'kumaphunzirira pansi pa mtengo bolodi atatsamiritsa pa thunthu. Walira mvula walira matope. Boma limalipira aphunzitsi, limatumiza mabuku ndi kandalama kothandizira sukulu, koma kandalamako mukakamva kuchuluka kwake pamitingi mudzaseka nokha, sikangagule choko, kulipira mlonda, bilu ya madzi n'kumanganso chimbudzi.

Za phala zili chonchi. M'sukulu zambiri ufa umabwera ndi mabungwe, monga Mary's Meals yomwe inayamba ntchito yake kuno ku Malawi mu 2002, kwina ndi WFP, bungwe la United Nations loona za chakudya. Ufa wake ndi uja wa chimanga ndi soya wothira mavitamini, Likuni Phala, ndipo dzinalo linachokera ku Likuni komweko, msewu womwe mumakwerera minibasi inuwo. Koma ufa suphika wokha amayi. Moto, madzi, mthiko, kutsuka miphika ikuluikulu ija, zonsezo ndi manja a makolo ongodzipereka, salandira malipiro. Tsiku lomwe olembedwa onse anena kuti ndatanganidwa, ana amabwerera ndi makapu ouma, ndipo pali ana ena kwanu komweko oti kapu imeneyo ndi chakudya chawo choyamba ndipo china adzachiona madzulo.

Inenso ndinaphikapo zaka zitatu ana anga ali aang'ono. Utsi wake mmaso kufiira ngati walira maliro, mthiko wautali ngati wopalasira bwato, mkono kuwawa mpaka Lachisanu. Koma ndikuuzeni, nkhani zonse za sukulu ndinkazimvera pamphika pomwepo, kuti kalasi yakuti mphunzitsi wasamutsidwa ndipo sanabwere wina, kuti ana akusefukira kumavidiyo nthawi ya buleki, kuti kamtsikana kakuti kasiya sukulu, zinthu zoti pa gulupu simungaziwerenge chifukwa pajatu pagulupu timangotumizirana mavesi ndi mauthenga a maliro.

Nde chochita n'chiyani? Musayankhe pagulupu, pamenepo mungoyambitsa mkangano wa mavoisi noti. Pitani nokha mukaonane ndi apampando a komiti ya phala, muwauze kuti Lachitatu m'mawa ndi nthawi yopikula. Pemphani kusinthana ndi mnzanu, kapena mutumize mchemwali wanu, kapena muziti ine ndizibwera cha m'ma 9 kudzatsuka miphika ndikachoka kumsika. Makomiti ambiri amavomera, chomwe amadana nacho ndi munthu wongoti zii ngati foni inagwera m'madzi.

Mwana kumumana phala chifukwa mayi ake sanabwere, ayi, zimenezo n'zolakwika, mwana sanalembe ndandanda. Chimodzimodzi kumubweza kunyumba chifukwa cha kandalama ka chitukuko. Zikachitika yambani kwa ahedi mwaulemu, zikakanika pali a PEA, mlangizi wa sukulu za m'zoni yanu, amapezeka ku TDC, likulu la aphunzitsi a m'zoniyo. Ndipo mitingi ya Lowerukayo pitani ndithu ngakhale ola limodzi, chifukwa ndi kokhako komwe mungaimirire n'kufunsa kuti ndalama tinasonkha teremu yatha zinagula chani, malisiti ali kuti. PTA ndi ya makolo ndi aphunzitsi, komiti ya sukulu ndiyo imayang'anira chitukuko ndi ndalama, gulu la amayi lija amati mother group limatsata ana ojomba makamaka atsikana. Onsewa amasankhidwa ndi anthu amene abwera tsikulo, nde amene sabwera amasankhiridwa, kenako n'kumadandaulira pa mjigo.

Mchenga wa zimbudziwo musaunyoze. Mukukumbuka Januwale 2023 sukulu za mu Lilongwe ndi Blantyre zinachedwa kutsegulira chifukwa cha kolera? Ana mazanamazana pa zimbudzi zinayi si nkhani yoseka. Ndowa ziwiri zokha mwathandiza.

Azakhali, mwana wanga wamwamuna ali sitandade 5. Ku 4 ankakhala nambala 8 kapena 10 koma teremu yatha anakhala 71. Tsiku lotsekera amaitana mayina pabwalo makolo onse ali pompo, anzanga akusupa ana awo ine manyazi okhaokha. Teremu ino ndaganiza zosapita ndipo mpira ndamuletsa. Ndalakwa? — Bambo wa ku Area 25

Bambo, mwalakwa pang'ono, koma zokonzeka. Tsiku lotsekera ndimalidziwa bwino, nambala wani akatchulidwa nthungululu, amayi kuvina mpaka chitenje kumasuka, timakwacha kuuluka, kenako mayina akamatsika anthu amayamba kuyang'ana mafoni. Tsono taganizani mwana wa nambala 71 waima pamenepo, wayang'ana m'gulu la makolo, bambo kulibe. Iyeyo amva kuti bambo amabwera ndikakhoza basi.

Kugwa kwa ku sitandade 5 si kwachilendo. M'makalasi a m'munsi aphunzitsi amafotokoza zambiri m'Chichewa, kufika ku 5 Chingerezi chimalimba, sayansi, masamu, zonse, nde mwana amene ankakhoza pomvetsera chabe koma kuwerenga Chingerezi kuli kofooka amangoti phii. Ndipo izi zofunika kuzigwira pano chifukwa mayeso a MANEB a sitandade 8, a PSLCE aja, kupatula pepala la Chichewa amabwera m'Chingerezi.

Musadikire tsiku lotsekera. Pitani tsiku wamba ana akaweruka, mukakhale ndi aphunzitsi ake mphindi 10. Funsani kuti amakhala pati m'kalasi, chifukwa kalasi ya ana okwana kukhala ndi nambala 71 wakumbuyo bolodi amangoliona ngati chifunga, mwinanso ndi maso. Tsegulani makope ake muone ngati amamaliza kukopera manotsi. Madzulo akuwerengereni ndime imodzi mokweza, inu muli duu kumvetsera, osamukalipira akaphonya. Mupezapo pomwe pali bowo.

Mpira mubwezereni. Mwina ndi chinthu chokhacho chomwe panopa akumva kuti amatha, ndipo ana ambiri amalimbikira kupita kusukulu chifukwa cha timu ndi masewera a zoni. Ingopanganani kuti homuweki kaye, chikulunga pambuyo. Ndipo tsikulo mukapite, mukamugulire ngakhale kafilizii pobwerera, nkhani ya manambala mukakambe mawa lake.

Azakhali, mdzukulu wanga amanyamuka 6 isanakwane atanyamula tsache, akuti akachedwa kusesa alandira chibalo. Masana akuchedwanso kubwera akuti akuphunzira gule ndi ndakatulo za pa 16 Juni. Kodi kusukulu amapitira kuphunzira kapena ganyu? Nanga 16 Juni n'chani? — Agogo a ku Kawale

Agogo, inunso munasesa, musatinamize. Kusesa kalasi ndi pabwalo belu lisanalire, kenako mizere, nyimbo ya fuko ndi zolengeza za ahedi, ndi mmene tsiku limayambira pafupifupi sukulu iliyonse ya boma, poti olembedwa ntchito yosesa kulibe. Palibe vuto bola asamasese nthawi yomwe anzake ali m'kalasi, asatumidwe kukagwira ntchito kunyumba kwa mphunzitsi, komanso chibalo chisakhale chikwapu chifukwa kumenya ana kusukulu n'koletsedwa. Chomwe chikundidetsa nkhawa ine ndi mdima, Juni kumachedwa kucha ndipo kumazizira, nde aziyenda ndi anzake ndipo mumuveke juzi.

16 Juni ndi Tsiku la Mwana wa mu Africa. Limakumbukira ana asukulu a ku Soweto, ku South Africa, omwe mu 1976 anachita zionetsero pokana kuphunzitsidwa m'chiyankhulo cha Afrikaans ndipo ambiri anaphedwa ndi apolisi. Mayiko a mu Africa anayamba kulikumbukira mu 1991. Nde mdzukulu wanuyo ngati wapatsidwa ndakatulo, muuzeni ayambe kulakatulira inu pakhonde, ndipo ngati gule wake ndi chimtali mumuonetse mmene ankaponyera mwendo a nthawi yanu. Mufunseni aphunzitsi amawamasula nthawi yanji, kuti akachedwa kupitirira apo mudziwe kokamufunsa. Tsikulo tengani chitenje choyala pansi, mipando imakhala ya mafumu ndi alendo.