Malume, za mphepo ya kumadzi oundana zija

Malume, mwaswera bwanji? Pepani ndachedwa kuyankha, netiweki kuno ku Senga Bay inavuta. Mwafunsa kuti kumpoto kwenikweni kwa dziko, ku Arctic, kumene nyanja imaundana, a zanyengo amayeza bwanji mphepo poti kulibe mtunda woimikapo zipangizo.

Eya, amaimika pa ayezi pomwepo. Koma ayeziyo sakhala malo amodzi, Malume, akuyandama. Mukudziwa bwato lopanda nangula mwera ukalipeza, mmene limatengedwera. Ndiye choyezera mphepo chija nachonso chili paulendo, chikukankhidwa ndi mphepo yomwe chikuyezayo. Nchifukwa chake pamafunika GPS kuti adziwe pomwe chafika lero. Mphepo ikamathamanga makilomita 50 pa ola, ayezi amayenda pafupifupi kilomita imodzi pa olalo, komanso satsata mphepo ndendende, amapatukira kudzanja lamanja. Zimenezi anaziona Fridtjof Nansen wa ku Norway, atalola sitima yake, Fram, kugwidwa mu ayezi mu 1893.

Posachedwapa a ku Germany anachitanso zomwezo. Sitima ya Polarstern inanyamuka ku Tromsø, doko la ku Norway, mu Seputembala 2019, anaisiya dala kuti iundane m'nyanja, inabwerera kwawo mu Okutobala 2020. Pafupi ndi sitimayo anaimika mlongoti wa zipangizo, ndipo maola sikisi aliwonse ankaulutsa chibaluni chonyamula kabokosi kakang'ono. Kabokosiko kakamakwera kamatumiza kuzizira ndi chinyontho cha mpweya, ndipo komwe chibalunicho chikukankhidwira ndi komwe kumawauza mphepo ya m'mwamba.

Chimene chimandikhudza ine ndi anthuwo. Miyezi yathunthu dzuwa osatuluka, kuzizira nthawi zina kupitirira madigiri 40 pansi pa ziro. Chipangizo chikamatidwa ndi ayezi chimanama, ndiye munthu ayenera kupita ndi tochi kukachipala, mnzake atanyamula mfuti kulondera zimbalangondo zoyera zija. Nthawi zina ayezi amang'ambika pakati pa msasa, mawaya a magetsi n'kuduka. Ife mwera wa mu Julayi tikungoti kwazizira, tavala majuzi awiri.

Komwe kulibe anthu amasiya timakina pa ayezi, timatumiza tokha malipoti kudzera pa setilaiti.

Mawa musalowe m'nyanja musanamve a zanyengo pa wailesi, Malume, mafunde kuno ayamba kale kuyera. Mupereke moni kwa azakhali.